Malata Osakhoma a ku Mtendere

Ndinanyamuka ku komboni ya George, mu Lusaka, Lachisanu m'mawa, seveni koloko itangopitirira. Paphewa ndinakoleka mkombero wa waya, ndipo m'chikwama munali hamala ndi misomali ya malata, ija yovala zipewa. Amalume anga a Banda, amene ndimakhala nawo ndi kuphunzira kwa iwo kuwotcherera zitsulo, sanavute kundilola. Magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa, makina athu ali duu.

"Yenda, Ganizani," anatero amalume. "Pano tizangoyang'anana chabe. Koma ukawauze ku Mtendere kuti Lusaka ilibe nyanja."

Chondiyendetsa chinali foni ya alongo anga a Esinati, amene anakwatiwa ku Mtendere ndipo anali ndi khanda la miyezi iwiri. Masiku amenewo wailesi inkangonena za namondwe wotchedwa Freddy. Anali atagunda kale Mozambique, n'kubwerera m'nyanja, ndipo tsopano ankati akubweranso. Alongo anga ali ndi chifukwa choopera mphepo. Tili kumudzi ku Chadiza, mphepo inasasula denga la nyumba yathu iwo ali m'katimo okha. Kuyambira tsikulo, lata likangolira amathawira panja. Pa foni anati: "Denga la kuno ndi losakhoma, angoikapo miyala. Mphepo ikayamba ndimatuluka ndi mwana ngakhale kuli mvula. Tsopano wayamba chifuwa." Ndinawayankha kuti ndibwera kudzakhoma.

Pa siteji ya George ndinapeza basi yaing'ono itatsala malo awiri. Kondakita anayang'ana ine, kenaka waya.

"Iwe mwaiche, iyi waya izalipila yeka. Ifunika mpando."

"Pepani bwana, ndiivala m'khosi," ndinatero.

"Ati bwana!" Anatembenukira anthu. "Mwamvela? Lelo nakwezedwa pa nchito. Ngena, wakum'mawa, na nekilesi yako."

Basi yonse inaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. Ndinalipira makwacha khumi ndi awiri. Mayi wina amene ananyamula beseni la tomato anakumbutsa kondakita kuti mwezi watha unali makwacha khumi, iye n'kuyankha kuti akafunse mafuta. Tinadutsa Matero pang'onopang'ono, tikuzemba maenje odzaza madzi a mvula ya dzana. Basi ikagwera m'dzenje, waya ankandigunda pachibwano, ndipo mayi uja ankati "sole" m'malo mwa dalaivala.

Tinafika m'tauni cha m'ma naini. Kuchokera pamene tinatsikira kukafika ku Kulima Tower, kumene kumakwerera mabasi a ku Mtendere, si patali, koma panali chithaphwi chachikulu chotseka njira yonse. Bambo wina wovala magambutsi ankawolotsa anthu pa wilibala. Azimayi ovala bwino a m'maofesi ankakhala m'menemo atakumbatira zikwama, maso kumwamba, ngati sakudziwa amene akukankhidwa. Ine ndinavula nsapato n'kuwoloka monga timachitira pa dambo kwathu. Mwini wilibala anandikalipira kuti ndikuphunzitsa anthu zoipa. Kutsidya ndinagula vitumbuwa viwiri, zimene kwathu timati zitumbuwa. Zinali zazing'ono kuposa za chaka chatha, koma zotentha bwino.

Basi yachiwiri inachedwa kudzaza. Ndinakhala pakati pa bambo wachikulire wamapewa akuluakulu ndi mtsikana wa ku koleji amene maso ake anali pa foni. Bamboyo anagwira waya wanga n'kuupinda pang'ono kuti aone kulimba kwake.

"Ni ya misampha ya mbeba?" anafunsa.

"Iyayi, ndi ya denga. Akuti kukubwera namondwe."

"Saikiloni?" Anatsamira kumbuyo. "Mwana wanga, ine ndine dalaivala wa mathiraki. Pa saikiloni Idai ninali ku Beira, nilindila katundu pa doko. Ninabisala pansi pa thiraki, nagwililila tayala monga ni amai banga. Malata yanali kuuluka monga mapepala. Imozi inadula mtengo wa papaya pakati, fya! Saikiloni yoposa ija kulibe."

Mtsikana uja anadzutsa mutu. "Ba mudala, mu mabuku yamphamvu maningi pa nyanja iyi ni Gafilo, yamene inagunda Madagascar kudala. Idai inaononga maningi chifukwa inapeza tauni na banthu pafupi na madzi."

"Mabuku yako yanaliko pansi pa thiraki?"

"Sinikana kuti munavutika. Nikamba chabe vamene banapima."

"Nanga uyu Freddy?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Uyo safuna kufa," anatero mtsikanayo. "Ayenda, abwela."

"Monga ba landilodi," anatero kondakita, ndipo anthu anaseka mpaka dalaivala analiza huta.

Basi itanyamuka, mtsikanayo anafotokoza zimene sindinaphunzirepo kusukulu ya kwathu. Anati anamondwe amenewa amabadwira pamwamba pa madzi ofunda a nyanja ya India, ndipo chakudya chawo ndi madziwo. Ambiri amayamba kugunda chilumba cha Madagascar, ena amawoloka n'kufika ku Mozambique. Akakwera pamtunda amayamba kufooka, moti pofika kuno amakhala atasanduka mvula chabe. Ndinamvetsera bwino, koma funso lina linkandivuta kuyambira ku Longacres mpaka ku Kalingalinga. Kumeneko ndinaona mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi achitsulo atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, eni ake atakhala pa mabenchi kudikira magetsi monga amalume. Pamenepo ndinalimba mtima.

"Ndiye kuti ndanyamula wayayu pachabe?"

Mtsikanayo anafuna kuyankha, koma bambo uja anamutsogolera. "Mphepo ya mu Lusaka ilibe zina, sibaikamba pa wailesi. Koma malata inyamula. Yenda ukamange."

Ndinatsika ku Mtendere leveni koloko itakwana. Kuchokera pa msika ndinayenda wapansi m'tinjira tamatope, ndikulumpha ngalande. Nyumba ya alongo anga ndi ya zipinda ziwiri, yomangidwa kuseri kwa nyumba ya mwini malo. Ndisanalowe ndinayang'ana denga. Malata anali abwino, osachita dzimbiri, koma pamwamba pake panali miyala, zidutswa za mabuloko, tayala lakutha ndi mbaula yothyoka.

Alongo anga anandilandira mwana ali paphewa. Anali ataonda, maso ofiira. Mwanayo ankatsokomola kamodzikamodzi. Alamu anga ba Mulenga analipo, chifukwa kusitolo kumene amagwira ntchito anali atawachepetsera masiku. Iwo ndi Mubemba, ndipo Abemba ndi ife akum'mawa timanyozana mwachimbuya popanda wokwiya: iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Vuto ndi lakuti ine sindidziwa kubwezera.

"Ba injiniya bafika!" anafuula. "Mulamu, mbeba zili kuti? Wabwela chabe na misampha?"

Ndinaseka n'kupempha makwerero. Analibe, choncho tinagubuduza mgolo wa madzi n'kuuimika pakhoma. Ndinakwera, ndinasuntha mwala umodzi, ndinapeza pamene pali phaso pansi pa lata, ndinaimika msomali. Hamala ili m'mwamba, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe! Seluka! Seluka manje manje!"

Anali mayi wachikulire wovala duku, m'manja muli chipande. Alamu anga anandinong'oneza kuti ndi bana Chomba, kutanthauza amake a Chomba, eni nyumba. Ndinatsika mofulumira mpaka ndinadzikanda mwendo pa mgolo. Sindinadziwe chochita, ndiye ndinachita zimene tinaphunzitsidwa kwathu: ndinavula chipewa n'kugwada pomwepo m'matope.

"Nindani anakuuza kuti ubowole malata yanga?"

"Palibe, amayi. Pepani. Ndimafuna kuthandiza."

"Uganiza ndise ofunta kuika myala? Misomali sitiiziba?" Analoza denga ndi chipande. "Aya malata banagula ni bamuna banga bakalibe kufa. Nili na puloti ku Chongwe. Nikamanga, nizayachosa apa nikaike kuja. Lata yobowoka idontha, na pogulisa sibaifuna. Kulibe msomali uzangena apo."

Apa ndi pamene ndinamvetsa miyala imene ndinkaiona pa madenga ambiri a m'makomboni. Ndinkayesa ndi ulesi kapena kusowa misomali. Sindinadziwe kuti denga likhoza kukhala katundu wodikira kusamuka.

Ndinayang'ana alongo anga. Anangosintha mwana kumuika paphewa lina n'kuyang'ana kum'mawa, kumene mitambo inali itayamba kuda. Ulendo wonse uja, nthabwala zonse zija, ndipo denga likhale momwemo. Ndili chigwadire, ndinakumbukira kuti udzu sitiukhoma. Atate akafolera, amagoneka mitengo yopingasa pamwamba pa udzu n'kuimanga ndi luzi kuti iupanikize.

"Amayi," ndinatero, "nanga nditamanga osabowola? Ndigoneke mitengo pamwamba, waya adutse kunja kwa malata. Tsiku losamuka mudzangomasula."

Bana Chomba anaika manja m'chiuno. "Imilila, uzaononga buluku. Bana ba masiku yano sibagwada, uyu bamuchosa kuti?" Kenaka anati, "Nizankhala pamene apa. Nikamvela hamala, uzayenda na basi yamene yakuleta."

Anatipatsa mitengo itatu ya bulugamu yochokera pa khola la nkhuku limene linagwa, n'kukhala pa mpando pakati pa bwalo kutiyang'anira. Tinagoneka mtengo umodzi kutsogolo, wina pakati, wina kumbuyo. Mapaso nawonso anali ongosanjika pa khoma, choncho kumangirira pa iwo kukanakhala kungodzinamiza. Ndinatsitsa waya kuchokera kunsonga za mitengo, kutsata khoma mpaka pansi. Pamenepo tinakumba maenje asanu ndi limodzi, tinakulunga waya pa miyala ikuluikulu ija inali padenga, n'kuikwirira. Pomaliza ndinapotokola waya aliyense ndi kamtengo mpaka analira ngati chingwe cha banjo.

Alamu anga anakumba maenje awiri n'kuyamba kudandaula msana.

"Mulamu, iyi nchito ya kukumba ni yanu. Imwe mumabadwa na khasu yofunila mbeba."

Sindidziwa chinandigwira. "Ndiye kwerani padenga, alamu. Paja inu ndi anyani mumadziwana."

Bana Chomba, amene ndi Mubemba nawonso, anaseka mpaka chipande chinagwa. Alamu anga anagwira pamtima ngati alasidwa. "Esinati, bwela uone! Mulamu wanga wakamba!" Alongo anga anaseka koyamba tsikulo. Anatibweretsera chimanga chophika ndi tiyi, ndipo bana Chomba anawonjezapo chikanda, chakudya cha kwawo, akuti cha ba injiniya okha.

Mphepo inafika cha m'ma fifitini, monga amatchulira firii koloko masana kuno, tikumanga waya womaliza. Inayamba ndi fumbi ndi mapepala, kenaka zovala za pa chingwe zinaima chopingasa. Tinathamangira m'nyumba. Alongo anga anali atanyamula kale mwana, ataima pakhomo, phazi limodzi lili panja. Sindinawagwire, chifukwa nanenso sindinkadziwa ngati ntchito yanga igwira.

Mphepo inalowa pansi pa denga. Lata la pakona linadzuka pang'ono mpaka kuwala kunaoneka pakati pa khoma ndi denga. Waya analira. Lata linabwerera pamalo pake. Linadzukanso kachiwiri, n'kubwereranso. Kenaka mvula inayamba kugwa yambiri, yaphokoso, moti sitinkamvana. Alongo anga anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Anabweza phazi lija, anatseka chitseko, anakhala pa bedi n'kuyamba kuyamwitsa.

Ndinabwerera ku George m'mawa mwake, phewa lili lopepuka. Mtsikana wa m'basi uja ananena zoona: Freddy sanafike ku Lusaka, ndipo mphepo ya tsiku lija inali wamba ya nyengo ya mvula. Patapita masiku ochepa tinamva zimene namondweyo anachita kwa abale athu ku Malawi, mapiri akugumukira pa nyumba za anthu, ndipo palibe amene anachitanso nthabwala za dzina lake. Ine ulendowu unandiphunzitsa kuti m'tauni denga limene ukugona pansi pake likhoza kukhala ndi ulendo wakewake, ndipo usanakweze hamala uyambe wafunsa chifukwa chimene mwala uli pamenepo.

Sabata yotsatira alongo anga anaimba foni masana, ine ndikupenta geti. Anati chifuwa cha mwana chatha. Ndinafunsa ngati kwawombanso mphepo.

"Akuti inawomba Lachiwiri," anatero. "Ine ndinali m'nyumba, ndikusita. Ndamva kwa bana Chomba."