A Kuang Oima Pamtsinje

A Kuang Defu ntchito yawo ndi yokonza maambulera, koma mumsewu wathu muno amadziwika ndi shangchi, masewera a pathabwa onga tchesi, okhala ndi tizidutswa totchedwa hatchi, njovu, ngolo, mzinga ndi mfumu, amene kwa zaka zambiri sanakhalepo pansi n'kusewera. Malo awo ndi pambali pa thabwa, pamene pathera mtsinje wojambulidwa pathabwapo wolekanitsa asilikali ofiira ndi akuda. Amaima pamenepo, botolo la tiyi kukhwapa, n'kumalangiza mbali zonse ziwiri. Malemu amuna anga ankawatcha chule wa mumtsinjewo.

Ine ndimagulitsa mazira ophika mu tiyi pansi pa mtengo umene anthu amasewerera shangchiyo, ndiye ndimaona.

"Hatchi, achimwene, hatchi. Mukuisungira ukwati?" amatero a Kuang. Wina akaluza amapukusa mutu. "Ndinanena ine."

Tsiku lina a Mo, ometa tsitsi, analuza katatu chifukwa cha nzeru zimene a Kuang ankapatsa mnzawo. Anakoka mpando.

"Khalani apa, madala. Mukandigonjetsa, muzilankhula mpaka kumanda. Mukaluza, pansi pa mtengo uno mutseke pakamwa."

A Kuang anakhala ngati pampandopo pali makala, n'kutenga ofiira. Thabwa analizolowera chammbali, ndiye kuliona chakutsogolo linawasokoneza. Anapendeketsa mutu mpaka khutu kugunda phewa. Anagwira njovu kuti aiwolotse mtsinje.

"Njovu siwoloka, akulu," anatero a Mo. "Kapena mwaigulira bwato?"

Anaibweza. Koma a Mo nawonso, posowa wowauza, anangoti kakasi. Kugwira msilikali, kumusiya. Kugwira ngolo, kuisiya. A Kuang anayamba kutekeseka. Analuma mlomo, kutsegula botolo, kulitseka. Kenako anadzuka n'kukaima pamalo awo pamtsinje.

"A Mo, maso munasiya kometera? Mzingawo ikani pakati. Mfumu yofiirayo ilibe kothawira."

A Mo anauika, masewera n'kuthera pomwepo.

"Ndinanena ine," anatero a Kuang, akuyang'ana monyoza mpando wopanda munthu uja.

Anthu anakangana mpaka mazira anga anatha. Woluza anali a Kuang, koma nzeru yopambana inalinso yawo. Mapeto ake a Mo, amene anali asanapambane sabata yonseyo, anagamula okha.

"Azilankhula, koma azilangiza ine ndekha."

A Kuang anavomera mwaulemu. M'mawa mwake, madzi anga asanawire n'komwe, ndinawamva akuuza mdani wa a Mo za hatchi.