Chitseko chimene chinakwera ngolo

Senderani kuno nonse awiri, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Buku lanu la kusukululi zilembo zake sindiziwerenga, koma chithunzi cha ngolo zofunda nsalu yoyerachi ndachimva. Nanenso ndinapitapo kumadzulo pangolo.

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi chitseko. Chamlombwa, cholemera, chonunkha utsi. M'mawa wochoka ku Dedza bambo anachizula panyumba, n'kuchigoneka pangolo, ine n'kundikhazika pamwamba pake. Minda kwathu inali itachepa, ndiye ankati ku Mchinji kuli nthaka yosalimapo munthu.

Ine mafunso osatha. Nyumba yathu aitseka ndi chiyani? Dzuwa likulowa kutsogolo kwa ng'ombeli, tikalipeza pogona pake? Amalume, amene tinali nawo paulendowo, ankangoti, "Iwe, pakamwa pakopo pakanakhala ng'ombe, bwenzi titafika dzulo."

M'munsi mwa chitsekocho munali timizere tokhotakhota, tokanda ndi msomali. Ndinkatilondola ndi chala, ndikudabwa kuti tikupita kuti. Amayi ankangondichotsa dzanja.

Pa mtsinje wa Bua ngolo inatitimira mumchenga. Ng'ombe imodzi inagwada, thovu lili tuu kukamwa. Amalume anati, "Achemwali, thabwali titaye. Kumene tikupitako mitengo ndi yosayamba." Bambo anayamba kumasula chingwe. Amayi anatsika, mimba ili apo, n'kusenza mtondo pamutu.

"Mwati katundu walemera? Ndatsika ine. Chitseko chisiyeni."

Anayenda pansi masiku awiri otsalawo, mapazi atatupa. Ine ndinkati ndi makani chabe. Ndinawakwiyiranso, chifukwa nanenso ananditsitsa. Lero ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Mukufunsa kuti kenako? Funsani m'Chichewa, ndikuuzani. Bambo analima fodya mpaka msana unawakana. Amalume anawolokera ku Chipata, anakwatira konko, sanabwerenso. Mwana wa m'mimba uja ndi agogo anu aang'ono amene amaimba foni Lamulungu. Ng'ombe yogwada ija inakhala zaka zambiri, yaulesi mpaka imfa. Ine ndi uyu, ku Lanham kuno kutsidya kwa nyanja, kumene chitseko chimatseguka mukangodina manambala.

Amayi anakalamba akutseka ndi kutsegula chitseko chomwecho. Ndinali nditabereka kale amayi anu pamene anandiuza. Timizere tija anakanda ndi mchimwene wanga, amene anamwalira ine ndili kumsana. Manda ake anatsala ku Dedza. Ngolo sikanawanyamula, koma chitseko inatha kuchinyamula.