Tsiku Limene Lipenga la Bambo Linakanika Kulira

Ndikukumbukira bwalo lathu la mpira ku Senga Bay, lamchenga wokhawokha woti ukathamanga pang'ono miyendo inkalemera. Zinali zaka zimene matipate anali atangoyamba kumene, aliyense akuyesa kukweza mawu ake, koma pa nkhani ya phokoso panalibe wofika pa bambo anga. Mkati mwa sabata anali khukhi wa pahotela, munthu wofatsa, woyankha mabwana chapansipansi. Likafika Loweruka ankatulutsa lipenga lawo: paipi ya madzi yotalika ngati mkono, kumapeto kwake atamangirira fanulo ndi mphira. Linkanunkha palafini, koma likalira, ngakhale asodzi ali pakati pa nyanja ankadziwa kuti kumtunda kwachitika zinthu.

Bambo anali ndi lamulo lawo. Sankaliza lipengalo chisawawa. Ankaliza pokhapokha aone chinthu chokongola, kaya wachichita ndi wathu kaya ndi mdani. Anthu ankawanena, iwo osalabadira.

Ine ndinali goloboyi wa timu ya sukulu, ndili Sitandade 7, ndipo ndinkalakalaka lipengalo litalirira ine, ngakhale kamodzi kokha. Anzanga omwetsa zigoli linali litawalirira onse. Nanga goloboyi amamuona ndani?

Loweruka lina tinalandira anyamata a ku Maganga. Mmodzi wa iwo, wamfupi wopanda nsapato, anaumenya mpira uli m'malere, ine n'kungoumva ukudutsa pakhutu. Ndisanadzuke n'komwe pamchengapo, lipenga linalira. Bambo anga enieni, kusangalalira chigoli chomwetsedwa mwana wawo! Anthu anafa nalo phwete. Che Amidu, msodzi amene ankasewera nawo bawo, anakuwa kuti, "Akulu, kodi mwanayu ndi wanu ndithu?" Ndinakwiya, misozi ili lengelenge, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindiwayankhulanso.

Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, woimbira anapereka penate kwa a ku Maganga. Womenya anali wamfupi yemwe uja. Ndinadziponya kumanzere nditatsinzina, mpira n'kundigunda pachifuwa, ine n'kuufumbatira ndi mchenga womwe. Bwalo lonse linatembenukira kwa bambo.

Anaika lipenga pakamwa. Koma lipenga limafuna milomo yothina, pamene milomo ya bambo inali itakana kutsekeka chifukwa chomwetulira. Anayesa koyamba, kunatuluka mpweya wokha. Anayesanso, linangoti fwee ngati tayala la njinga likuphwa. Kachitatu analitsitsa, n'kupukuta m'maso ndi malaya.

"Pepa mwanawe," anandiuza tikubwerera kunyumba. "Lakanika."

Masiku ano mavuvuzela apulasitiki ali mbwee, ndipo amalira kuyambira mpira usanayambe mpaka utatha, osadziwika chimene akulirira. Sindidana nawo, mwana wanga ndinamugulira lake lofiira. Koma pa malipenga onse amene ndamvapo, palibe linandiyamikirapo kuposa lija linakanika kulira.