Buleki Amene Sindinaponde

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa alongo anga. Iwo anali ndi kalole kakale kamene ankatutira mtedza m'midzi ya kwathu ku Sinda kupita nawo ku Katete, ndipo ine ndinaphunzirira kuyendetsa pa kalole komweko. Buleki wake ankafuna kupopa katatu kuti agwire. Tsiku lina akutsitsa matumba pa kabungwe kena kogawa mbewu kwa alimi, anamva kuti pakufunika dalaivala wachiwiri. Atafika kunyumba anandiuza kuti ndifune laisensi yanga pomwe ndinaisunga, mawa tilawirira.

Amene anandiyesa anali a Mwanza, dalaivala wamkulu wa pamenepo, bambo wa imvi amene anayendetsapo mabasi a ku Lusaka zaka zambiri. Anandiuza kuti ndibweze galimoto m'mbuyo pakati pa migolo iwiri, kenako anandiimitsa pa chitunda kuti ndinyamuke galimoto isanabwerere. Sanandiyamikire. Anangoti ndibwere Lolemba.

Galimoto imene anandipatsa inali yoyera, yatsopano, mkati mukununkhabe mapulasitiki a m'mipando. A Mwanza anandionetsa za m'mawa uliwonse: kusolola kachitsulo koonera oyilo, kuona madzi, kuyeza mpweya wa matayala onse ndi geji, kuonetsetsa kuti jeke ndi sipanala ya mawilo zili m'malo mwake. Zonsezi ndinkazidziwa. Kenako analoza zinthu ziwiri zachilendo. China chinali kamera yaing'ono, yobisika pamwamba pa galasi lakutsogolo. China chinali kabokosi kakuda kuseri kwa chizindikiro cha kumphuno kwa galimoto, kamene iwo ankati rada. Ziwirizi zimayang'ana msewu. Zikaona kuti mukukagunda chinthu, galimoto imalira, ndipo mukachedwa imaponda yokha buleki. Anati kumayiko kumene amapanga magalimoto amenewa ayamba kuika lamulo loti galimoto yatsopano isagulitsidwe ilibe zimenezi. Anandipatsa kansalu koti ndizipukutira malo awiriwo ndisananyamuke.

"Motoka iyi ili ndi maso ake," anatero. "Ine anga awiriwa anandikwanira zaka zonsezi."

Ntchito yanga inali yonyamula Mayi Tembo, mlangizi wa alimi, kupita nawo kumidzi. Pa tala wa pakati pa Katete ndi Sinda galimoto sinkavuta. Inkalira apo ndi apo ndikayandikira kwambiri njinga ya makala, basi. Zachilendo zinayamba pa msewu wafumbi wopita ku Vubwi.

Pali malo ena kumeneko pamene msewu umatsikira m'kakhwawa kouma, ndipo mbali inayo pali bwinja: mitengo ya mango isanu ndi zipupa ziwiri zopanda denga. Tinafika pamenepo masana, dzuwa lili paliwombo. Msewu unali mbee, wopanda ngakhale mbuzi. Mwadzidzidzi galimoto inalira, kuwala kofiira kunayaka kuseri kwa chiwongolero, lamba anandikoka pachifuwa, ndipo tinaima. Mapepala a Mayi Tembo anamwazika pansi. Phazi langa linali lidakali pa chopondera mafuta.

Tinatsika tonse awiri. Ndinasuzumira pansi pa galimoto, ndinazungulira kutsogolo, ndinayang'ana m'tchire. Panalibe kanthu, ngakhale mapazi a munthu pa fumbipo. Nyenje zokha zinkalira m'mitengo ya mango ija. Mayi Tembo anaseka pang'ono, anatola mapepala awo, ndipo tinapitiriza ulendo.

Zinachitikanso sabata yotsatira, pamalo omwewo. Kachitatu tinali titanyamula mayi wina wachikulire amene tinamupeza akuyenda ndi mtolo pamutu. Galimoto itaima yokha, mayiyo anafunsa ngati ndaimitsa ndine. Nditayankha kuti ayi, anayang'ana ku bwinja kuja kanthawi, kenako anapempha kuti timutsegulire chitseko. Tinamuuza kuti kwawo kudakali kutali. Anati palibe kanthu, miyendo ali nayo. Pa galasi ndinamuona ataima pakati pa msewu, osayenda, mpaka fumbi linamubisa.

A Mwanza anati mwina ndi paipi yachitsulo ya madzi imene mvula inafukula m'khwawamo, kuti rada imaiona ngati galimoto yoima. Mwina zinalidi choncho. Koma ine ndinayamba kugwidwa ndi mantha tikangoyandikira mitengo ija, ndipo ndinkachita manyazi kuuza munthu. Ndinali mkazi yekhayo woyendetsa pamenepo, sindinkafuna kuti azinena kuti ndikuopa mizukwa. Ndinangofunsa a Mwanza ngati chinthucho chimazimitsidwa. Anandionetsa: mabatani a pa chiwongolero, kutsika kanayi, kudina, kuvomera. Anandichenjeza kuti injini ikazima n'kulizanso, chimadzuka chokha. Kuyambira pamenepo ndinkachizimitsa ulendo uliwonse ndisanaike giya. Mayi Tembo ankaona, koma sanandiletse. Ndikhulupirira kuti nawonso mtima unkakhala m'malo.

Tsiku lovutalo linali mu Okutobala. Tinali m'mudzi wina kupitirira Vubwi, pafupi ndi malire, tikulemba alimi ofuna mbewu ya mtedza. Msonkhano uli mkati, anthu anabwera atanyamula bambo wina, a Sakala, amene mphiri inawaluma pa akakolo akusosa m'munda. Mwendo unali utatupa kale mpaka m'bondo. Galimoto m'mudzimo inali yathu yokha. Tinawagoneka pa mpando wakumbuyo, mutu pa miyendo ya akazi awo, ndipo Mayi Tembo anandiuza kuti ndisayang'ane mabampu, ndingothamanga. Ndinaliza injini n'kunyamuka. Za mabatani aja sindinazikumbukire.

Nyengo imeneyo osaka mbewa amatentha tchire. Titayenda kanthawi ndinaona utsi utadutsa msewu kutsogolo, woyera, wokhuthala ngati khoma. Ndinkadziwa chimene dalaivala amayenera kuchita: kuchepetsa liwiro, kuyatsa nyali, kuliza hutala. Koma kumbuyo a Sakala anali atasiya kubuula, ndipo akazi awo ankawaitana dzina mobwerezabwereza. Ndinaganiza kuti utsiwo ndi wa mikono yochepa, tiuboola. Ndinalowamo ndi liwiro lomwelo.

Mkatimo dzuwa linasanduka kambale kofiira. Sindinkaona ngakhale kumapeto kwa boneti. Phulusa lakuda linkagwa pa galasi mwakachetechete. Kenako kulira kuja kunayamba, lamba anandikoka, matayala anakukuta miyala, ndipo tonse tinakankhikira kutsogolo. A Sakala akanagwa pa mpando akazi awo akanapanda kuwagwira. Ndinakwiya. Ndinati chayambanso, lero ndiye chasankha tsiku. Phazi langa linali likupita pa mafuta kuti ndichikakamize pamene mphepo inasuntha utsi pang'ono.

Kutsogolo kwa boneti, pa mtunda woti n'kutambasula mkono, panali msana wa munthu. Anali mayi wovala chitenje chakuda, mwana ali kumbuyo. Pambali pake panali wina, ndi winanso. Utsi unapitiriza kuyera ndipo ndinaona kuti msewu wonse wadzaza anthu, akuyenda pang'onopang'ono, onse atatifulatira. Pakati pawo panali ngolo ya ng'ombe, ndipo pa ngolopo panali bokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera. Sankaimba. Mwina utsi unali utawatsamwitsa. Kwa kanthawi ndinakhulupirira ndithu kuti anthu amenewa si amoyo.

Bambo wina wachikulire, ndodo ili m'manja, anabwera pa zenera langa. Ndinatsitsa galasi. Mayi Tembo ndi amene anapepesa n'kufotokoza za wodwala. Bamboyo anasuzumira kumbuyo, anaona mwendo uja, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwachita bwino kuima, mwana wanga," anatero. "Amene tanyamulayu anagundidwa dzana lomweli, pa msewu uno. Anali pa njinga. Motokayo siinaime."

Anakweza ndodo, anthu anapatukira m'mbali, wa ngolo anakokera ng'ombe m'tchire lopserera. Ndinadutsa pakati pawo pa giya yoyamba, bokosi lili pafupi ndi zenera langa moti ndinaona misomali yake. Sindinawauze bambowo kuti sindine ndinaima.

Tinafika ku chipatala a Sakala akupumabe. Anakhalako milungu itatu, ndipo anatuluka ndi mwendo wawo, ngakhale kuti mpaka lero amatsimphina. Ine nditawatsitsa ndinakakhala pansi kuseri kwa galimoto. Mayi Tembo anandibweretsera madzi. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinaona anthu aja ndisanaime. Ndinawauza zoona. Iwo anati, "Tonse awiri tinkadziwa kuti mumazimitsa. Tisadzachitenso."

Nditafotokozera a Mwanza, anati kamera singaone mu utsi wotero, koma rada utsi suitchinga, iyenera kuti inagwira zitsulo za ngolo. Anati ndithokoze kuti eni maliro anasankha ngolo osati kunyamula bokosi pa mapewa. Sananenenso za maso awo awiri.

Tsopano ndayendetsa zaka zingapo, ndipo achinyamata akabwera pa ntchito ndine ndimawayesa. Ndikamva pa wailesi anthu akukangana ngati n'koyenera kukakamiza opanga magalimoto kuikamo zida zimenezi, ine ndimadziwa mbali yanga. Magalimoto ambiri amene amafika kuno ndi oti ena anayendera kale kunja, choncho zimene akulamula kumeneko lero ndi zimene zidzayende pakati pa njinga ndi ngolo zathu mawa. Zibwere. Koma wogulitsa kapena bwana azikhala pansi ndi dalaivala n'kumuuza chimene chidacho chimaona, chimene sichiona, ndi chifukwa chake nthawi zina chimanama. Munthu amazimitsa chimene chikumuopsa.

Chimene ndinasunga ine n'chapafupi. Sindizimitsa chida chotetezera chifukwa chakuti chandichititsa manyazi, ndipo sindichisiyira ntchito yanga. Pamene maso anga alekezera, liwiro langanso lilekezere pomwepo, kaya kumbuyo kuli wodwala. Ndimawauza achinyamatawo nkhani yonseyi, ndi zolakwa zanga zomwe. Ambiri amafunsa za mayi wa mwana kumbuyo uja, kuti ananena chiyani. Sananene kanthu. Sanatembenuke n'komwe. Anangokonza mwana wake pamsana n'kupitiriza kutsatira bokosi.