Chipsera cha pamkono wa mkazi wanga

Anthu amadziwa kuti chipsera chili pamkono wa mkazi wanga Tadala ndi mano a nyani. Chimene sadziwa n'chakuti nyaniyo ankafuna ine.

Nthawiyo tinali tisanakwatirane. Ndinamutenga kukakwera phiri la Zomba kuti akaone yekha kuti wapeza mwamuna. Panjira ndinamugulira zipatso za sitiroberi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo kajumbo kake ndinanyamula ndine, chifuwa chili patsogolo.

Titalowa m'mapaini kumtunda kwa damu la Mulunguzi, kunatulukira chinyani chachimuna, maso ali pa kajumboko. Chinakuwa, mano onse ali pamtunda. Nkhalango yonse ija inalipo yoti n'kutayamo sitiroberizo, koma ine ndinaponyera Tadala.

"Wakha!" ndinatero, ngati tili pa netiboli.

Anawakhadi. Chinyanicho chinamugwetsera pansi n'kumuluma pamkono, magazi n'kunyowetsa bulauzi yonse. Iye anatola mwala n'kumachisinja nawo pamphuno uku akukuwa dzina langa. Dzinalo ndinkalimva bwinobwino ndili kuseri kwa mtengo, nsapato imodzi itatsalira m'matope.

Kuchipatala, namwino atafunsa zomwe zinachitika, ndinafulumira kuyankha kuti ndinachipirikitsa ndi ndodo. Tadala anangondiyang'ana, osatsutsa. Ngakhale kwa ankhoswe sanakanene.

Mpaka lero, tikagula sitiroberi pamsika, kajumbo amandipatsira mkono womwewo.

"Nyamulani, bambo a Chisomo," amatero. "Koma mukaona chinthu, muziyamba mwandiuza, ndithaweko nanenso."