Kamera itasiya kuzindikira nkhope ya bambo anga

Bambo anga atapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, anachoka m'nyumba ya kampani m'mene tonse tinakulira n'kukakhala m'nyumba yawoyawo, ku Mulanje, kufupi ndi msewu wopita ku Likhubula. Inali nyumba ya njerwa zootcha, khonde lake loyang'ana kuphiri, kuseri kuli kamunda ka nanazi ndi nthochi. Ku esiteti makomo anali ogundizana ndipo alonda ankayendayenda, moti munthu wachilendo ankaonekera patali. Kwatsopanoku kunalibe zimenezo. Chaka chisanathe, njinga ya bambo inasowa pakhonde masanasana, iwo ali kumaliro, amayi ali kumunda.

Achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Joni, atamva nkhaniyi anatumiza kamera pa basi. Ine ndinkaphunzitsa ku Limbe, ndiye ntchito yokaimangirira inagwera ine. Ndinakwera pa tebulo lodyera, amayi atagwira miyendo yake, n'kuikhomera pamwamba pa chitseko, achimwene akundilangiza pa foni.

Kamerayo inali yophunzira nkhope za anthu. Umamujambula munthu kutsogolo, kenako cham'mbali uku ndi uku, n'kulemba mu foni kuti uyu ndi uje. Munthuyo akafika pakhomo, foni imalira n'kukuuza amene wafika. Ikaona nkhope yosaidziwa, imati pakhomo pali mlendo.

Nditawauza bambo kuti ndikufuna kuwajambula, analowa kuchipinda n'kukhalitsa. Potuluka anali atavala jekete yawo yakuda ndi tayi, tsitsi atapesa.

"Kodi mukukafunsira mbeta?" anafunsa amayi akuseka.

"Chithunzi ndi chithunzi," anayankha bambo. "Chikapita ku Joni chimenechi."

Anaima pamasitepe atatulutsa chifuwa, masaya ali phwii, ngati tsiku limene analandira setifiketi yopumira ntchito. Amayi anakana kuvula duku, ndipo kamera inawalandira choncho.

Miyezi yotsatirayo ndimaikumbuka mokoma. Ndili m'kalasi, foni inkanjenjemera m'thumba, ndipo pa buleki ndinkapeza mauthenga ali mndandanda: amayi atuluka, amayi abwera, bambo atuluka. Ndinkadziwa kuti akatuluka dzuwa litapendeka ndiye kuti akupita kubawo, pa golosale ya mnzawo wina wachisilamu amene ankagwira naye ntchito kufakitale kalekale. Makanema ake sindinkawatsegula kawirikawiri chifukwa netiweki ya kuphiri inkangozungulirazungulira. Mauthenga okhawo ankandikwanira. Ndinkamva ngati ndili kuchipinda kwanga kwa paubwana, ndikumva chitseko chikutsekuka n'kudziwa amene walowa.

Nyengo yozizira itafika, zinthu zinasintha. Tsiku lina foni inanena kuti pakhomo pali mlendo, patapita kanthawi inanenanso. Ndinaganiza za anthu aja anaba njinga. Ndinatuluka m'kalasi n'kuimbira amayi.

"Mlendo wake uti?" anatero amayi. "Kuno kulibe munthu. Ndi abambo akowa, akungolowa n'kutuluka."

Mawa lake zinachitikanso, mkuja chimodzimodzi. Amayi kamera inkawadziwa, ngakhale mayi wina woyandikana nafe amene ndinamujambula mongoseweretsa inkamudziwa. Koma mwini nyumba anasanduka mlendo.

Achimwene anati mwina galasi lada. Amayi anamangirira kansalu kunsonga ya nsungwi n'kupukuta, ndipo anapezadi ukonde wa kangaude ndi fumbi losakanikirana ndi chinyezi cha chiperoni. Tinasangalala kuti vuto tapeza. Madzulo ake bambo akuchokera kubawo, foni inati mlendo.

Kenako ndinafunsa ngati bambo akuvala chipewa. Amayi anati inde, chijuzi cha kumutu chija chofika m'makutu, chifukwa mphepo ya kuphiri inali itaopsa. Ndinapempha kuti azichivula akafika pamasitepe. Bambo analanda foni.

"Iwe mwana, ndizivula chipewa pakhomo panga? Ndinavulira mabwana ku esiteti moyo wanga wonse. Tsopano ndivulirenso kabokosi?"

Komabe anavula. Amayi ankandiuza kuti amafika pamasitepe, chipewa m'manja, n'kuyang'ana m'mwamba n'kunena kuti, "Odi kuno! Ndine ndemwe." Anthu odutsa mumsewu ankaima kuonerera. Kamera sinasinthe maganizo.

Tinayesa zambiri. Achimwene anati dzuwa likamatuluka pamwamba pa phiri limawala kumbuyo kwa munthu, nkhope n'kuda, ndiye amayi anaitembenuza pang'ono ndi nsungwi ija. Tinaizimitsa n'kuiyatsanso. Tinasiya getsi la pakhonde likuyaka ngakhale masana. Potsiriza achimwene anati chatsala n'chimodzi: kufufuta zithunzi zakale n'kuwajambulanso. Zimenezo zinkafunika ine, ndipo teremu yonseyo ndinali ndisanapite kumudzi. Sukulu zitatsekera ndinakwera minibasi.

Ndinafika kukuchita mdima wa chifunga, phiri losaoneka n'komwe. Bambo anandilandira atavala chijasi chachikulu ndi chipewa chija, ndipo tinacheza pang'ono iwo n'kukagona msanga. Sindinaone chachilendo. Aliyense ku Mulanje amaoneka wofota mwezi umenewo.

M'mawa kunacha bwino. Ndinawauza kuti tijambule kusanabwerenso chifunga. Analowa kuchipinda monga poyamba paja, n'kutuluka atavala jekete yomwe ija ndi tayi yemweyo. Anaima pamasitepe. Ndinakweza foni, ndipo pambali pa malo ojambulira panaoneka chithunzi chakale chija, chikudikira kuti ndichifufute.

Ndinayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana bambo. Masaya aja anali atalowa. Maso anali mkati, khosi likusambira m'kolala, jekete ikulendewera m'mapewa ngati yobwereka. Pa lamba panali mabowo atsopano, oboola ndi msomali. Ndinatsitsa foni.

"Jambulatu," anatero bambo. "Dzuwa likundilasa."

"Ababa, mwakhala mukudwala?"

"Ndi ukalamba chabe. Munthu sakhala wonenepa mpaka kale."

Amayi anali atatsamira chitseko, tsache lili m'manja. Anayamba kulankhula osawayang'ana bambo.

"Ine ndatopa n'kunena. Madzi akumwa ngati ng'ombe, kuchimbudzi sakuchedwa kubwererako. Kubawo akumapumira panjira. Ndikati tipite kuchipatala akuti ndi mphepo. Ndikati ndiuze ana akuti usawasokoneze, ali pantchito."

"Nanga pa foni paja simunkandiuza bwanji, amayi?"

"Amakhala ali pomwepo, khutu lili tcheru. Ndiye ndimati bola kabokosi kako kapitirize kuvuta, mwina ubwera."

Bambo anakhala pansi pamasitepe n'kumasula tayi. Sanakalipe. Anangoti sankafuna kukhala munthu wa mapiritsi, chifukwa anzawo onse amene anayamba mapiritsi sanabwererenso kumunda. Ndinakhala pambali pawo moyang'ana phiri, madzi akutsetsereka m'matanthwe ngati ulusi woyera. Kenako ndinati zojambulazo zidikire, tiyambe tapita kuchipatala cha Mishoni.

Mnzawo wa golosale uja ndi amene anatitenga pa kagalimoto kake konyamulira katundu. Njira yonse ankawanyogodola kuti iye anaona kalekale kuti zinthu sizili bwino, chifukwa munthu amene sankagonja pa bawo anayamba kugonja kwa aliyense. Bambo anaseka koyamba tsiku limenelo.

Kuchipatala anawayeza magazi n'kupeza kuti ndi matenda a shuga. Anawagoneka masiku angapo, kenako anawatulutsa ndi mankhwala komanso malangizo a zakudya. Chimene chinawapweteka kwambiri ndi tiyi. Munthu amene anakhalira tiyi moyo wake wonse, amene ankathira shuga mpaka supuni kuima, anauzidwa kuti azimwa wopanda kanthu. Sabata zoyambirira ankamwa atakwinya nkhope, akuti ndi mankhwala a malungo. Patapita nthawi anayamba kudzitama kwa alendo kuti tsopano ndi pamene akumva kukoma kwenikweni kwa masamba, ndipo ankatha kunena ngati tiyiyo anathyoledwa nthawi ya mvula kapena yachilimwe. Ngati zinali zoona sindikudziwa, koma palibe ankawatsutsa.

Ndisanabwerere ku Limbe ndinawajambulanso. Ulendo uno anangovala malaya wamba. Kamera inawazindikira tsiku lomwelo, ngakhale atavala chipewa.

Mvula itayamba, foni inayambiranso kunena za mlendo. Ndinaimba nthawi yomweyo, koma amayi anayankha akuseka mpaka kutsamwa.

"Bwera udzawaone! Masaya abwerera. Lamba wabwerera pabowo lakale."

Loweruka la sabata yomweyo ndinapita kukawajambula kachitatu, ndipo achimwene tinawaimbira pa vidiyo kuti adzionere okha. Bambo anabwereranso kumunda, anadzala nthochi zina kumapeto kwa mpanda, ndipo kubawo anayambanso kuopedwa.

Anakhala nafe zaka zingapo ali ndi mphamvu ndithu. Anatisiya dzinja lapitali, atadwala chibayo kwa nthawi yochepa. Amayi sanafune kukhala okha, choncho ndinawatenga, ndipo m'nyumba muja mukukhala banja la bambo wina woperekeza alendo kuphiri. Kamera tinawasiyira. Ndisanafufute nkhope zathu kuti ajambule zawo, ndinakopera mu foni makanema onse amene anali atasungika.

Ambiri mwa makanemawo alibe nkhani. Nkhuku zikudutsa, amayi akusesa, wogulitsa makala akuimika njinga. Koma pali wina amene ndimamubwereza. Awiriwo akhala pakhonde dzuwa likuwomba, bambo akusenda nanazi ndi kampeni kawo, akupatsira amayi zidutswa zikuluzikulu, iwo akungotenga kochepa. Akulankhulana Chilomwe, chinenero chimene ankagwiritsa ntchito akakhala awiri ndipo ife ana tinangotolapo mawu ochepa. Akuyankhulana motsitsa, nthawi zina amayi akuwamenya paphewa.

Tsiku lina ndinawaonetsa amayi n'kuwapempha kuti andimasulire. Anavala magalasi, n'kumvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Apa timakangana za mbuzi," anatero. "Iwo amafuna tigule, ine ndimakana kuti zitidyera mbewu. Tabwezera kumbuyo ndimvenso."