Bondo la a Ngolo

Dzina loti Ngolo anawapatsa ndi anzawo a pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, kale akadali ndi msana wachitsulo. Lole ya simenti ikafika, ena ankayamba ayang'ana kumwamba ngati akufunsa za mvula, koma iwo ankangovula malaya n'kupereka msana. Thumba likaperewera pang'ono pokha, msana wawo unkadziwa sikelo isananene. Anagwira ntchitoyo mpaka imvi zinamera, ndipo simenti inawathokoza monga imathokozera aliyense: inawadya bondo lakumanja.

Mwini sitolo sanawataye. Anawapatsa mpando pa geti ndi makiyi a bwalo lakuseri, n'kuwasiyira chipinda cha pamwamba pa sitolo chomwe ankakhalamo ndi akazi awo. Koma pakamwa pa munthu wonyamula katundu sipapuma pantchito. Mbale inakhala yomweyo, tiyi wa shuga wambiri yemweyo, pamene thukuta linali litaleka. Mimba inayamba kutsogola polowa pakhomo, ndipo bondo linkadandaula usana ndi usiku, makamaka kukachita mitambo.

Akazi awo anali ochapa zovala za anthu. Moyo wawo wonse anauthera pa bwalo lakuseri lija, pakati pa zingwe zoyanikira, dzuwa lili pamsana. Chaka china, mvula ikutsazika, anagwa ndi beseni m'manja. Anatsitsimuka kuchipatala mbali yakumanzere itafa. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, koma mwendo sunabwerere.

Chipinda cha pamwambacho chinali ndi zenera limodzi, pafupi ndi bedi, loyang'ana khoma la nyumba ina. Pansi pake panali kanjira kopapatiza kodutsa agalu. Dzuwa silinkalowa. Makwerero anali othina, okhota pakati, oti njinga ya olumala siingadutse. Choncho m'mawa uliwonse a Ngolo ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kupereka msana. Mayiwo ankakoleka dzanja lamoyo m'khosi mwawo, iwo n'kumanga nsalu pachifuwa.

"Ngolo yanga yafika?" ankafunsa mayiwo.

"Yafika, bwana. Katundu apite kuti?"

"Kudzuwa. Musagwetse, ndi wosweka."

Ankatsika choncho, dzanja limodzi pakhoma, mpaka pa mpando wa pakati pa zingwe. Masana ankakweranso. Pa zonse zimene zinatsala m'banjamo, ulendo umenewu ndiwo unali waukulu.

Nyengo yozizira itafika, bondo linatupa ngati dzungu. M'mawa wina, pokhota paja, linangokana. A Ngolo anakhala pansi mwadzidzidzi, mutu wa akazi awo n'kugunda khoma. Sanavulale kwambiri, koma chotupa cha pachipumi sichibisika. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kutsidya lina la tawuni ndi mwamuna ndi ana m'nyumba ya zipinda ziwiri, anachiona Lamlungu lomwelo.

"Ababa, mudzaphana pa makwerero awa," anatero.

"Ndanyamula simenti zaka zonsezi, ndingalephere amayi ako?"

"Simenti ikagwa amasesa. Amayi tidzawasesa?"

Tsiku la mafizo a mayiwo kuchipatala, mwanayo anakakamiza kuti bambo ake nawonso aonedwe. Sisita wa mafizo anapinda bondolo, n'kulitambasula, n'kumvetsera mmene linkalirira ngati chitseko chakale.

"Bambo, ili silibwerera mwakale," anatero. "Koma mutha kulichepetsera ntchito. Bondo silisankha katundu. Kaya ndi thumba, kaya ndi mimba yanuyi, limangomva kulemera. Chepetsani shuga ndi mafuta, chulukitsani masamba. Muzipalasa njinga pamalo osakwera. Muzigona chagada n'kumakweza mwendo uli wowongoka, kuti ntchafu ilimbe. Osathamanga, osanjuta. Ndipo makwerero ndiye mdani wanu."

"Mdaniyo ndimagona naye nyumba imodzi, sisita."

Palibe anaseka. Mwana uja anati, "Likadzakananso, amayi ndiwatenga. Kwathu kulibe makwerero."

Onse ankadziwa chimene sananene. Kumeneko kunalibe malo a munthu wachiwiri, ndipo makiyi a geti sakanasamuka. Mayiwo anali pa njinga yawo ya olumala pakona, maso ali pansi, chotupa chija chitayamba kuda. Koma makutu awo sanafe ziwalo.

A Ngolo anayamba mawa lake. Anatulutsa njinga yakale, n'kuikweza tayala lakumbuyo pa sitandi, n'kuimangirira ku mtengo wa chingwe choyanikira kuti isagwe. Tiyi ankamwa wowawa, nkhope itakwinyika. Mbale yawo anaisintha ndi kambale ka mdzukulu. Masana akakweza akazi awo, ankawaikira chakudya pa kampando pafupi ndi bedi, iwo n'kumeza chawo msanga, n'kutsika kukapalasa geti lili lotseka.

Anyamata onyamula katundu ankakhala pa matumba n'kumaonerera.

"A Ngolo, mwafika pati tsopano?"

"Mukafika mutiimbire foni, madala!"

"Ndikupita ku maliro a maondo anu," ankayankha akupuma mwawefuwefu. "Sekani lero. Simenti ikukusungirani."

Akakwera ankapeza mbale ya mayiwo ili mbee.

"Mwadyatu lero."

"Mwaphika bwino," ankatero mayiwo, akuyang'ana khoma la kunja kwa zenera.

Chisanu chinatha. Kunabwera mphepo ya fumbi, mitengo inayoyola masamba, kenako inaphuka ena ofiira, anthete. A Ngolo anaboola lamba ndi msomali, patapita nthawi anaboolanso. Ntchafu inalimba. Ndipo makwerero anayamba kufewa modabwitsa. Pokhota paja, pamene kale ankaluma mano, tsopano ankangodutsa akuimba mluzu. Anakauza sisita, anauza mwana wawo pafoni, anauza ngakhale dalaivala wa lole amene sanafunse.

Sikelo ya kuchipatala inkanena kuti atsika ndithu, koma osati kwambiri chotero. Msana umene unkagwira thumba loperewera ukanatha kufunsa kuti kupepuka kwinako kukuchokera kuti. Sunafunse. Ankawasambitsa okha akazi awo, nthiti ankaziona, koma ankati ndi kutentha kwa chilimwe, ndi matenda, ndi ukalamba. Munthu amene umamuona tsiku ndi tsiku saonda pamaso pako. Ndiponso mtima ukakondwa sukonda mafunso.

Amene anawatsegula maso ndi mnansi wawo wowotcherera zitsulo, tsiku lina dzuwa likuswa mtengo.

"Achimwene, mafuta mukutayawo akulowa mwa galu wanga kodi?" anafuula ali pa mpanda. "Taonani, akukanika kudutsa pa chibowo chake. Masana aliwonse amakakhala m'kanjira kanu, mphuno kumwamba ngati akupemphera."

A Ngolo anaseka. Anapalasabe pang'ono, kenako miyendo inaima yokha, tayala n'kumazungulira lokha mpaka linatopa.

Mawa lake anaika mbale pa kampando monga mwa masiku onse, n'kutsika. Koma njinga anaipitirira. Anazungulira sitolo n'kukaima pakamwa pa kanjira kaja. Galu anali kale pamalo pake, mchira ukusesa fumbi. Pasanapite nthawi zenera linatseguka. Panatuluka dzanja litagwira mbale, mpunga ndi nyemba n'kukhuthukira pansi. A Ngolo sanayang'ane chakudyacho. Anayang'ana dzanjalo. Linali dzanja lomwe kale linkafinya bulangete lonyowa, ndipo tsopano, ataliona chapatali ngati la mlendo, linali ngati kamtengo kouma.

Anakwera pang'onopang'ono. Mayiwo atamva mapazi anafuna kubweza mbale pa kampando, koma inagwa n'kugubuduka mpaka pakhomo.

"Kuyambira liti?" anafunsa a Ngolo.

Mayiwo anatembenukira ku zenera.

"Amayi, ndikufunsa. Kuyambira liti?"

"Kuyambira kwa sisita." Mawu ankatuluka amodziamodzi, monga ankachitira akatopa. "Anati bondo silisankha katundu. Inu munachotsa kwanu. Ine ndinachotsa kwanga."

"Ine ndinali ndi chochotsa! Inu munali nacho chiyani?"

"Musandikalipire, bambo. Ndikalemera mundipereka kwa mwana."

"Ndi mwana wanu yemwe. Akakusamalani."

"Akandisamala, inde. Koma ndani akandifunse kuti katundu apite kuti?"

A Ngolo anakhala pabedi. Anakumbukira mluzu uja wa pa makwerero, ndi mmene ankadzitamira kwa dalaivala, ndipo manyazi anawatentha kuposa dzuwa la kunja. Anatola mbale, n'kupakula zotsala m'poto, n'kuyamba kuwadyetsa ndi supuni. Mayiwo anameza pang'ono, kenako anatembenuza nkhope. Mimba inali itazolowera kusowa.

Masiku otsatira njinga inakhala yokha. Masana a Ngolo ankakhala pambali pa bedi mpaka mbale ithe. Anagula mkaka, anaphika mazira, anabwezera shuga mu tiyi wa mayiwo. Mayiwo ankalonjeza, ankayesadi, koma supuni ikafika pakamwa maso awo ankatsikira pa bondo lija. Ankatafuna nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyeza chimene akumeza. Tsiku lina a Ngolo anapeza dzira lophika litabisidwa pansi pa pilo.

Pamenepo anadziwa. Makwerero akadalipo, mkaziyu sakanadya. Anatsika, n'kukhala pa mpando wawo wa pa geti, foni ili m'manja nthawi yaitali. Bondo silinakane. Linali lamphamvu kuposa chaka chonsecho. Koma anamuimbirabe mwana wawo.

"Bwera udzawatenge amayi ako," anatero.

"Bondo lakananso, ababa?"

"Ayi. Ungobwera."

Mayiwo atamva sanalire. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonse sanawayankhule.

Galimoto inabwera m'mawa wa mitambo yoyamba, mphepo ikununkha dothi lonyowa la kwina. Mkamwini anafuna kukwera kuti athandize, koma a Ngolo anamuletsa ndi dzanja. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kupereka msana. Dzanja linakoleka m'khosi. Anamanga nsalu.

"Katundu apite kuti, bwana?"

 Anatsika mwakachetechete. Kunja kunali mitambo, nthawi imene bondo limalira kwambiri, koma tsiku limenelo silinanene kanthu. Zinali ngati abereka mtolo wa zovala zouma. Atafika pokhota anamva mpweya wofunda kuseri kwa khutu.

"Musagwetse," ananong'ona mayiwo.

Madzulo a tsikulo a Ngolo anamasula njinga ku mtengo uja, n'kuitsitsa pa sitandi, n'kupopa matayala.

Tsopano ndi dzinja. Udzu wamera pansi pa zingwe zoyanikira, pamene panali mpando. M'kati mwa sabata a Ngolo amakhala pa geti, amamwa tiyi wawo wowawa, amagona chagada pamkeka n'kumakweza mwendo. Masana amazungulira bwalo ndi njinga. Anyamata aja analeka kufunsa kuti afika pati. Lamlungu amadzuka kusanatenthe n'kupalasa kudutsa tawuni yonse, msewu wautali koma wopanda chitunda. Popanda bondo limeneli sangafike, choncho amalisamala ngati khanda.

Kumeneko amawapeza mayiwo pakhonde, pomwe dzuwa limafika lokha popanda woberekedwa. Adzukulu amawadyetsa mopikisana. Masaya ayamba kubwerera. Amacheza pang'ono, za mvula, za galu wa mnansi amene waondanso. Nthawi zina amangokhala.

Lamlungu lina mayiwo anafuna kuchoka pa njinga ya olumala kuti akhale pamkeka. Mwana anali kukhitchini. A Ngolo anawakumbatira m'khwapa n'kuwadzutsa, ndipo bondo linawaluma koopsa, mpaka anafuula.

"Ndalemera?" anafunsa mayiwo.

"Mwalemera, bwana."

Anaseka onse awiri, mpaka mayiwo anapukuta maso ndi dzanja lamoyo lija. Kenako anati, "Nyamukani, mvula ingakupezeni."

Inawapezadi panjira. Anafika pa sitolo atanyowa, n'kukhoma njinga, n'kuyamba kukwera, dzanja limodzi pakhoma. Pokhota paja anaima monga mwa chizolowezi, n'kupititsa dzanja kumbuyo kuti akweze katundu asatsetsereke. Anangogwira malaya onyowa.